Zomwe Maëlle Ananong'oneza Mtolankhani

Mutu 4

1. M'galaja la a Besset

Chaka chimenecho mu mzinda wa Saint-Étienne nkhondo inali nkhani ya pakati pa mtengo wa petulo ndi zanyengo. Asilikali athu anali kutali, kudziko la mchenga lomwe anthu ambiri sakanatha kuliloza pa mapu. Bokosi la maliro likatsika m'ndege, wailesi ya kanema inkalionetsa pang'ono, kenaka n'kulumphira ku mpira. Anthu ankapukusa mitu, n'kupempha kuti awapatsireko tchizi.

Maëlle Chabanne, mtsikana wa m'kalasi yomaliza kusekondale, ndiye anayamba kunena kuti zimenezi n'zamanyazi. Ndiye anaitanitsa msonkhano wa ophunzira pabwalo la sukulu. Ndiyenso anawerenga manja pamene anzake anavota kuti Lachinayi atseke geti ndi mabini a zinyalala, monga amachitira ana a sukulu kuno akafuna kuti boma liwamve.

Kunena zoona, ambiri anakweza manja chifukwa Lachinayilo kunali mayeso a masamu. Maëlle ankadziwa zimenezo, koma dzanja ndi dzanja basi.

Lachitatu masana anali chogwada m'galaja la a Lucien Besset, nkhalamba yomwe inapuma ntchito ku njanji, akulemba uthenga pa chinsalu chachikulu. Mnzake wapamtima, Oriane Kerbrat, anali atakhala pa tayala lakale akudya apulo. Awiriwa anakulira limodzi kuyambira kusukulu ya mkaka. Maëlle anali wamfupi, wovala magalasi, wolankhula ngati akukangana ndi munthu. Oriane anali wamtali, wa tsitsi lofiira, wosachedwa kuseka, ndipo ku misonkhano ankafika itatsala pang'ono kutha.

"Iwe, chilembo icho chapendama," Oriane anatero.

"Lapendama ndi diso lako. Tsika apo udzagwire nsonga iyi."

"Ndamva, a Pulezidenti."

Oriane anagwira nsongayo n'kuwerenga mawuwo chapansipansi: ABWERE KWAWO AMOYO. Kuseka kunamuthera. A Besset anali atalowa m'nyumba kukatenga khofi.

"Tanguy sanaimbe Lamulungu," ananong'ona.

"Aimba. Mwina mafoni akuvuta."

"Sunauze munthu, eti?"

"Ndinalumbira, Oriane. Ukufuna ndilumbire kangati?"

Tanguy anali mlongo wake wa Oriane. Makolo awo atasiyana, iye anakulira kwa bambo ake kutali ku Brest, choncho kusukulu kunalibe yemwe ankadziwa kuti Oriane ali ndi mlongo, kuti mlongoyo ndi msilikali, ndiponso kuti ali kunkhondo komweko. Msilikali wa kuno salankhula za ndale, ndipo abale ake amalangizidwa kuti asamatchule pagulu dzina lake kapena kumene ali. Amayi ake a Oriane ankauza aneba kuti mwana wawo amagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Wodziwa zoona anali Maëlle yekha.

A Besset anatuluka ndi makapu atatu. Anayang'ana chinsalucho nthawi yaitali, n'kukhala pa bokosi la zipangizo.

"Ana inu, mawa kubwera anthu a kamera," anatero. "Ndimvereni, poti ine misewu imeneyi ndathera nsapato zambiri. Anthu amenewa si adani anu, komanso si abale anu. Ali pa ntchito, ndipo ntchito yawo ndi kupeza chinthu choti munthu amene akudya nkhomaliro asasinthe siteshoni. Chinsalu chanuchi n'chabwino, koma sichingamugwire munthu ameneyo. Ndiye afuna nkhope imodzi, kapena misozi, kapena moto.

"Ife chaka china tinayenda anthu odzaza msewu wonse, kuchokera kusiteshoni ya sitima mpaka pakati pa mzinda, kukana kuti anyamata atumizidwe kunkhondo. Madzulo ake anaonetsa munthu mmodzi woledzera akuswa zenera la sitolo ya nsapato. Malemu mkazi wanga analira.

"Koma choopsa si chimenecho ayi. Choopsa ndi chomwe kamera imachita pakati pa inu nokhanokha. Ikasankha mmodzi, ena nonse mumasanduka khoma la kumbuyo kwake, ndipo palibe munthu amene amakonda kukhala khoma. Ndinaona amuna awiri omwe anafunda bulangeti limodzi kunkhondo ya ku Algeria atasiya kupatsana moni mpaka kumanda, chifukwa wina anaoneka nkhope pa kanema, wina anangooneka phewa. Mawa mukamva kutentha pamtima, tsekani pakamwa, gwiritsani chinsalu. Mawu omwe mwapatsa mtolankhani simungapite kukawatenganso."

"Ife zimenezo ayi, agogo," Maëlle anayankha akupukuta bulashi. "Ife tikuchitira asilikali, osati kamera."

"Aliyense amatero Lachitatu," nkhalambayo inatero, n'kumwa khofi wake.

2. Mabini pa geti

M'mawa mwake kunali kozizira. Ophunzira anakoka mabini a m'misewu yonse yoyandikana nawo n'kuwaunjika pa geti mpaka linabisika. Mayi wina wonyamula buledi kukhwapa anaima n'kuwayang'ana.

"Nkhondoyo ithetseni, ana inu," anatero, "koma bini yobiriwirayo ndi yanga. Mundibwezere isanakwane nthawi ya galimoto ya zinyalala."

Bambo wina wa pa njinga anafunsa ngati nkhaniyo ndi ya malipiro a aphunzitsi. Atamva kuti ndi ya nkhondo, anati, "Kodi sinathe imeneyo?" n'kupalasa njinga yake.

Ophunzira ambiri atangoona kuti geti latsekedwa, anasangalala, n'kubwerera kukagona. Ena anakalowa m'kafe ya pakona kukamwa khofi. Otsala anali ochepa oti n'kukwana m'basi imodzi, mipando ina n'kutsala.

Maëlle anakwera pa benchi ndi chimkuzamawu. Analankhula za anyamata omwe amabwera m'mabokosi, za midzi ya kutaliko yomwe mayina ake satchulidwa, za anthu omwe amadya bwinobwino akuonera zimenezo. Analankhula mpaka mawu anasasa. Anzake anaomba m'manja kuti atenthetse zala.

Dzuwa litakwera pang'ono, galimoto ya wailesi ya kanema ya m'chigawomo inafika. Munatuluka mayi wa chikhoti chofiira, dzina lake a Cazenave, ndi bambo wonenepa wonyamula kamera paphewa. Bamboyo anayang'ana kagulu kaja n'kuusa moyo.

"Sendezanani, mupanikizane," anatero. "Ataliatali kumbuyo. Ndikajambula chapafupi muoneka ngati mzinda wonse."

Maëlle anatsika pa benchi, n'kuwongola magalasi.

"Mwadzuka bwanji, mayi. Ndine Maëlle Chabanne. Ndine ndakonza chionetserochi."

Anayamba kufotokoza. A Cazenave ankagwedeza mutu, koma maso awo anali kwina. Ankayang'ana pamwamba pa mulu wa mabini, pomwe Oriane anakhala atapinda miyendo, tsitsi lake lofiira likuuluzika ndi mphepo.

"Mwanena bwino, koma zatalika," mayiyo anamudula. "Mtsikana uyo ndani?"

"Ndi mnzanga chabe. Wangobwera kudzathandiza."

"Muitaneni atsike."

Posakhalitsa Oriane anali pakati pa chinsalu, pamalo pomwe Maëlle anadzikonzera. Bambo wa kamera anamugwira Maëlle pamkono n'kumusuntha mpaka kumapeto, kuti agwire mtengo wa chinsalucho.

"Pamenepo, mwana wanga. Ukweze pang'ono, chikugwera pansi."

Oriane anayang'ana mnzake ngati wopepesa, koma kamera itayaka analankhula. Ndipo analankhula bwino. Ananena mawu omwewo omwe ankawamva m'galaja Maëlle akuyeserera, koma iye anawanena mwachidule, mofatsa, maso ali gwa pa kamera. Omwe anali m'kafe anatuluka ndi makapu awo kudzaonerera. Anyamata anayamba kuimba dzina lake.

Yanis, mnyamata wa nthabwala wa m'kalasi mwawo, anafika pafupi ndi Maëlle.

"A Pulezidenti, pepani. Akulandani mpando popanda chisankho."

"Choka apa."

"Musadandaule, mtengowo mukuugwira mwaluso. Dziko lonse liona chala chanu."

Maëlle anagwiritsa mtengowo. Manja ake anali akadali ndi penti wa dzulo. Manja a Oriane anali oyera.

3. Mawu a pambali pa galimoto

Kujambula kutatha, anthu anamuzungulira Oriane. Ena ankamukumbatira, ena ankajambulitsa naye pa mafoni. A Cazenave anabwerera ku galimoto yawo, ndipo ataona Maëlle akupinda chinsalu yekha, anamukodola.

"Mtsogoleri wanu uja, dzina lake limalembedwa bwanji?"

"Mtsogoleri ndine."

"Inde, inde. Koma dzina lake?"

Maëlle anatchula zilembozo chimodzichimodzi. Chapatali, a Besset ankathirira ana khofi wa m'fulasiki. Maëlle anawafulatira.

"Mukanadziwa, simukanamuika kutsogolo," anatero chapansipansi.

"Chifukwa?"

"Sangalankhulire gulu lathu ameneyo. Mlongo wake ndi msilikali. Ali konko pano tikunena, akumenya nkhondo yomweyi. Dzina lake Tanguy."

Iye ankayembekezera kuti mayiyo akwinya nkhope, afufuta zomwe ajambula, n'kufunsa kuti wolankhula weniweni ndani. Koma nkhope ya a Cazenave inawala ngati ya munthu amene wapeza malo oimika galimoto pakati pa mzinda.

"Mlongo wake weniweni? Ali konko?"

"Musanene kuti ndanena ndine."

Mayiyo anali atachoka kale. Anakodola bambo wa kamera, n'kudutsa pakati pa ana aja mpaka pamaso pa Oriane.

"Funso limodzi lokha, chemwali. Achimwene anu a Tanguy akumva bwanji kuti mlongo wawo ali mumsewu kutsutsa ntchito yawo?"

Oriane anayang'ana uku ndi uku ngati mwana wosochera pamsika. Kenaka misozi inayamba kutsika. Kamera inasendera pafupi.

"Ndikungofuna abwere," anatero pomaliza. "Chonde, musaonetse zimenezi."

"Tapeza," bambo wa kamera anauza mnzakeyo. "Tiyeni, tikafike nkhani za masana zisanayambe."

Galimoto inanyamuka. Oriane anathamangira kwawo osatsanzika munthu. Mayi wa buledi uja anabwera kudzakoka bini yake.

4. Nkhomaliro

Kwa a Chabanne nkhomaliro inali nkhuku yootcha ndi mbatata. Bambo ake a Maëlle, omwe ankayendetsa basi ya mumzinda, anali atayatsa kanema monga mwa masiku onse.

"Ndiye boma lagwa?" anamufunsa mwana wawo akuseka. "Tandipatsira msuzi wothira pa nyamawo."

Nkhani yoyamba inali yomweyo. Pansi pa chithunzi panalembedwa kuti: Mlongo wa msilikali aukira gulu lankhondo. Anaonetsa Oriane akulira, n'kubwerezanso. Anatchula dzina lonse la Tanguy, n'kuonetsa chithunzi chake chomwe anachipeza pa intaneti, atavala yunifolomu. Za midzi ya kutali ija sanatchule. Chinsalu chinangooneka zilembo zitatu. Maëlle sanaoneke n'komwe.

"Si mnzako uja ameneyu?" bambo ake anatero. "Kamera yamukonda. Kodi nkhondo yakeyi ili dziko liti?"

Nkhani yotsatira inali ya mtengo wogulira zipatso za sitiroberi. Bamboyo anakweza mawu a kanema.

Amayi ake a Maëlle, omwe ankasamalira okalamba kunyumba yosungirako nkhalamba, anaika foloko pansi.

"Tsitsani chimenecho, bambo a Maëlle," anatero. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, ukudziwa chomwe chachitika apa? Munthu amene wapereka dzina limeneli wachita chinthu choipa kwambiri. Mwina iye akuona ngati wangolankhula, koma dzina la msilikali silitchulidwa pa kanema. Mnyamata uja ali pakati pa anzake omwe amagona nawo, amadya nawo, ndipo moyo wake uli m'manja mwawo. Lero amva kuti kwawo akuwatsutsa. Akuluakulu ake amuitana kuti afotokoze zomwe iye sananene. Ndiye pali amayi ake. Mayi uja amakhala yekha ndi mtsikanayo, ndipo tsopano aliyense wamisala m'dziko muno akudziwa dzina lawo ndi mzinda wawo.

"Ine kuntchito ndimasambitsa anthu omwe ali ndi zinsinsi zodzaza nyumba. Amandiuza chifukwa ndili pafupi, ndipo ndikatuluka pakhomo ndimazisiya momwemo. Munthu akakuuza chinthu chotere wakupatsa khosi lake kuti umusungire. Sindikudziwa kuti wachita izi ndani, koma ndikumumvera chisoni, chifukwa azidzadzuka nazo m'mawa uliwonse. Iwe ukhale pafupi ndi mnzako masiku ano. Akufunika munthu."

"Ndamva, amayi."

"Bwanji sukudya?"

"Ndakhuta."

Foni ya Maëlle inkangonjenjemera pa tebulo. Anzake onse ankatumizirana kachidutswa ka kanema ka Oriane akulira. Omwe anabwerera kukagona m'mawa uja tsopano ankafunsa kuti chionetsero china chichitika liti. Yanis analemba kuti ngakhale azakhali ake a ku Lyon amuona Oriane. Panalibe yemwe anatchula dzina la Maëlle.

Anatembenuza foniyo chafufumimba, n'kupita kukasamba m'manja. Penti uja sanachoke.

5. Mlendo pa masitepe

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, belu la pakhomo linalira. Maëlle atatsegula, anapeza Oriane atakhala pa masitepe, atabisa tsitsi lake m'chipewa cha juzi. Maso ake anali otupa.

"Sindilowa," anatero. "Khala pansi apa."

Maëlle anakhala, kusiya mpata pakati pawo. Oriane anasendera n'kutsamira paphewa pake.

"Ababa aimba kuchokera ku Brest. Akuti ndamupereka Tanguy. Akuti ndisadzawaimbirenso. Kenaka aimba a ku ofesi ya asilikali, alankhula ndi amayi mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa uja. Amayi atseka mazenera onse. Foni ya m'nyumba taizula, anthu osawadziwa akungotukwana."

"Nanga Tanguy?"

"Zii. Sindikudziwa ngati waona. Sindikudziwa ngati adzandilankhulanso."

Maëlle anayang'ana nsapato zake.

"Ndakhala ndikuganiza tsiku lonse kuti wanena ndani," Oriane anapitiriza. "Iwe ndakuchotsapo poyambirira, usadandaule. Ndiye ndakumbukira dzulo m'galaja. Ndinatchula Tanguy, a Besset ali m'nyumba. Chitseko chinali chotsegula. Ndipo m'mawa uja analipo, ndi fulasiki yawo. Anthu akale aja amafuna nkhondo ithe mwanjira iliyonse. Ukuganiza kuti angakhale iwo?"

Pa masitepepo panadutsa mnyamata wa m'nyumba yapamwamba ndi galu wake. Atsikanawo anapinda miyendo kuti adutse. Maëlle anadikira mpaka chitseko chapansi chitatsekeka. Mpata wonena zoona unali pomwepo, ndipo anauona.

"Mwina," anatero. "Munthu sungamudziwe."

Oriane anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndinkawakonda agogo amene aja." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Koma sindifuna kunamizira munthu. Ndawaimbira a Cazenave."

"Wawaimbira?"

"Ndawafunsa kuti anawauza ndani. Akuti zotere sanena pa foni. Akuti anzawo a ku Paris akufuna ndikalankhule mawa m'nyumba youlutsira mawu ya m'chigawo chino, dziko lonse lindimve. Ndikavomera, akandiuza pamaso."

"Ku Paris akufuna iweyo?" Mawuwo anatuluka okha, akuthwa. "Akakujambulanso?"

Oriane anadzutsa mutu n'kumuyang'ana modabwa.

"Ukuona ngati ndikufuna? Ndikanakonda ndikanathyoka mwendo dzulo. Ndikupita kuti ndikamve dzina basi, ndikalitumize kwa ababa ndi kwa Tanguy, adziwe kuti sindine ndinamugulitsa." Anagwira dzanja la Maëlle, lija la penti, n'kulifinya. "Koma ndekha sindingathe. Amayi sakutuluka m'nyumba. Undiperekeze, Maëlle. Ukakhale pambali panga pomwe mayi uja azikatchula dzinalo. Ndilibenso wina womukhulupirira."

M'nyumba, amayi ake a Maëlle anali ataima pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja. Anamva zonse, ndipo anamwetulira mwana wawo momulimbikitsa.

"Apita nawe, mwana wanga," anatero. "Ndimudzutsa ndine."

Oriane anali akudikirabe yankho, dzanja lili chigwirire.

"Basi yake ndi ya nthawi yanji?" Maëlle anafunsa.